KUMENE NDEGE ZITERA POPANDA MLONDA WA PA NSANJA

Madzulo a pa 19 November 1996, nthawi itangokwana 5 koloko, ndege ziwiri zinagundana pa mphambano ya miseu iwiri ya bwalo la ndege la mzinda wa Quincy, m'chigawo cha Illinois ku Amereka. Imodzi inali itangotera kumene, ndipo inzake inalikuthamanga kuti inyamuke. Kunja kunalibe nkhungu kapena mvula, injini za ndege zonse ziwiri zinali bwino, ndipo akulu oziyendetsa sanali anthu achilendo pa ntchito yao. Koma anthu onse 14 amene anali m'ndege ziwirizo anafa, osapulumuka ndi mmodzi yemwe. Pa bwalolo panalibe nsanja, ndiye kuti panalibe munthu wokhala pamwamba, wopenya bwalo lonse, amene akanatha kuuza wina kuti aime ndi wina kuti apite.

Ambiri a owerenga athu amene anakwerapo ndege, kapena anaperekezapo mbale wao ku Chileka, ku Lusaka ngakhale ku Johannesburg, anaiona nyumba yaitali ya magalasi imene iima pambali pa bwalo. M'menemo ndimo mukhala anthu olondolera ndege, ndipo popanda chilolezo chao palibe ndege imene ingaponde mseu wonyamukirapo. Chifukwa cha ichi anthu aganiza kuti bwalo lililonse la ndege liri ndi nsanja yake. Si choncho iai. Ku Amereka kokha kuli mabwalo pafupi-fupi 5,000 amene munthu aliyense wokhala ndi ndege aloledwa kuterapo, koma okhala ndi nsanja angopitirira pang'ono 500. Ndipo mwa amenewa ambiri atseka nsanja zao usiku, kotero kuti bwalo limene masana linali ndi mlonda, pakati pa usiku lisanduka lopanda mwini. Kuno kwathu nakonso, timabwalo ta ku malo osungirako nyama ndi ta ku maboma akutali tilibe wolondolera ndege, ndipo kawiri-kawiri woyendetsa ndege ayamba wazungulira pamwamba kuti aone ngati pa mseu palibe mbawala, mbuzi kapena munthu wa njinga.

Chifukwa chake ndi ndalama. Nsanja ifuna anthu ophunzitsidwa zaka, osinthana usana ndi usiku, ndiponso makina a mtengo wapatali. Boma silingaike zonsezi pa bwalo limene pa tsiku pangotera ndege zowerengeka.

MALAMULO A PA BWALO LOPANDA MWINI

Tsono munthu angafunse kuti, nanga ndege zipewana bwanji kumalo kotere? Yankho lake ndi lakuti zipewana ndi maso ndi makutu a oziyendetsa, potsata mwambo umene onse anaphunzitsidwa.

Bwalo lililonse lotere lipatsidwa nambala yake ya pa wailesi, ndipo ndege zonse zofika kapena zochoka pamenepo zitchera wailesi zao pa nambala imodzimodziyo. Woyendetsa ndege akatsala ndi mailosi khumi kuti afike, alankhula kwa aliyense amene angakhale alikumva. Atchula dzina la bwalo, mtundu wa ndege yake, kumene ali ndi mseu umene afuna kuterapo, natsiriza ndi kutchulanso dzina la bwalolo, pakuti mabwalo ena oyandikana agwiritsa ntchito nambala imodzi. Palibe womuyankha kuti walola kapena wakana. Iye angolengeza, monga achita mlendo wofika pakhomo usiku, amene aodira ngakhale sadziwa ngati m'nyumbamo muli anthu.

Akafika, sangolunjika pansi iai. Alowa m'njira yozungulira bwalo, ya ngodya zinai, pa msinkhu wa mafiti pafupi-fupi 1,000 kuchokera pansi, ndipo mwa nthawi zonse akhotera kumanzere, chifukwa mkulu woyendetsa ndege akhala pa mpando wa kumanzere ndipo mbali imeneyo ndiyo aona bwino. Pa ngodya iliyonse alengezanso pamene wafika. Ndege imene ilikutera ndiyo iyenera kupatsidwa mpata ndi zimene ziri pansi, ndipo ziwiri zikamatsika nthawi imodzi, ya m'munsi ndiyo itsogola. Usiku, pa mabwalo ambiri a ku Amereka, woyendetsa ndege ayatsa yekha nyali za pa mseu ali m'mwamba, pongodina batani la wailesi yake kasanu ndi kawiri motsatizana.

Pali chinthu china chimene owerenga ayenera kuchigwira bwino kuti amve nkhani zimene zirinkudza, ndicho manambala a miseu. Mseu wa ndege upatsidwa nambala potsata kampasi. Woloza kum'mawa kwenikweni, pa madigiri 90, utchedwa 9, ndipo woloza kumadzulo, pa madigiri 270, utchedwa 27. Koma popeza ndege ingathe kuterapo kuchokera uku kapena uko, mseu umodzi womwewo uli ndi maina awiri, osiyana ndi 18. Mseu 10 ndi mseu 28 si miseu iwiri, koma umodzi, wina ataima ku nsonga iyi ndi wina ku nsonga inayo. Mphepo ndiyo isankha mbali, pakuti ndege inyamuka ndi kutera mopenyana ndi mphepo. Tsiku limene kuli bata, kathumba ka nsalu koonetsa mphepo katangoti lende pa mtengo wake, aliyense angasankhe mbali imene imkomera. Masiku abata oterewa, amene munthu angayese kuti ndiwo opanda choopsa, ndiwo amene ndege zingakomane maso ndi maso.

Mwambo wonsewu ugwira ntchito bwino tsiku ndi tsiku, ndipo ndege zikwi zambiri zitera ndi kunyamuka popanda chobvuta. Koma uli ndi pofooka pake. Ku Amereka lamulo silikakamiza munthu kulankhula pa wailesi pa mabwalo otere, lingomulangiza, ndipo tindege tina takale tiloledwa kuuluka topanda wailesi konse. Ndiponso wailesi ya m'ndege ndi ya munthu mmodzi pa nthawi imodzi: awiri akalankhulira pamodzi, omvera angomva kulira kwa makina. Choposa zonse, amene walengeza alibe njira yodziwira ngati mnzake wamumva.

ZIMENE ZINACHITIKA KU QUINCY

Tibwerere tsono ku Quincy. Ndege imene inalikudzatera inali ya mtundu wa Beechcraft 1900, ya mipando 19, youluka m'dzina la United Express. Inachokera ku Chicago, niima ku Burlington m'chigawo cha Iowa, ndipo inanyamula anthu a paulendo khumi ndi oyendetsa awiri. Kaputeni wake, amene anali mai, ndiye analikulankhula pa wailesi, ndipo anachita zonse monga mwa mwambo. Akali kutali analengeza kuti adzatera molunjika pa mseu 13, nabwereza mau amenewa pamene analikuyandikira.

Pansi panali ndege ziwiri zofuna kunyamuka pa mseu 4, umene upingasana ndi mseu 13. Yotsogola inali King Air, ndege ya injini ziwiri, m'mene munali anthu awiri. Mkulu wake anali bambo amene anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani yaikuru ya ndege napuma, ndipo mnzakeyo anali woyendetsa ndege wa chidziwitso chochepa. Kumbuyo kwao kunali kandege kakang'ono ka mtundu wa Piper Cherokee, koyendetsedwa ndi munthu amene anali asanazolowere kwenikweni. A m'King Air analengeza kuti alikupita ku mseu 4, ndipo atafika analowa pa mseupo naima.

Kaputeni wa ndege yotera uja anaiona ngoziyo isanachitike, ndipo ichi ndicho chomvetsa chisoni pa nkhani yonseyi. Atatsala pang'ono kugunda pansi, anafunsa pa wailesi ngati ndege imene yaima pa mseu 4 idikira, kapena inyamuka. A m'King Air sanayankhe. Amene anayankha ndi wa m'kandege ka kumbuyo kaja. Iye ananena kuti alikudikira pa mseu 4, naonjeza mau ena osonyeza kuti ali kumbuyo kwa King Air. Koma pa kamphindi komweko makina a m'ndege yoterayo, amene atchula okha msinkhu ndege ikamayandikira pansi, analankhula mokweza kuti kwatsala mafiti 200, ndipo mau a makinawo anaphimba gawo lomwe lija la yankho limene likanaulula kuti wolankhulayo si wa kutsogolo. Kaputeni anangomva liu la munthu wonena kuti alikudikira pa mseu 4. Anathokoza, nanena kuti adutsa pa mphambanopo msanga.

Nthawi yomweyo King Air inayamba kuthamanga, osalengeza kanthu. Oyendetsa ndege yoterayo ataiona anayesa kuimitsa ndi kukhota, koma mpata unali utatha. Ndege ziwirizo zinakolana pa mphambano, mafuta anatayika, ndipo moto unabuka pompo.

Bungwe la Boma la Amereka lofufuza ngozi za pa ulendo, lotchedwa NTSB, linapeza kuti kugundana kwenikweniko sikunali kwa mphamvu yoti nkupha anthu. Anthuwo anafa ndi utsi ndi moto. Oyamba kufika pamalopo anali oyendetsa ndege ena amene anali pa bwalopo, ndipo anampeza kaputeni ali moyo, atasuzumira pa zenera lake, alikuwapempha kuti atsegule chitseko. Anachigwira chitsekocho, nayesa ndi mphamvu zao zonse, koma chinakana, kufikira kutentha kunawathamangitsa. Galimoto yozimira moto inalipo pa bwalo lomwelo, koma panalibe anthu oigwiritsa ntchito, popeza lamulo la masiku amenewo silinafune ozimitsa moto pa ndege za mipando yosapitirira 30. Ozimitsa moto a mumzinda anafika patapita mphindi ngati 14.

Pogamula, bungwelo linati gwero la ngozi linali kulephera kwa a m'King Air kumvetsera wailesi ndi kuyang'ana bwino asananyamuke. Linatchulanso yankho la wa m'kandege kaja kuti linathandizira kusokoneza, ndi kuti kukanika kwa chitseko ndi kusowa kwa ozimitsa moto ndiko kunachulukitsa imfa. Kunena zoona, munthu wa m'kandegeyo sananame, ndipo sanafune choipa. Anamva funso lonena za mseu 4, iye anali pa mseu 4, nayankha. Kulakwa kwake kunali kuyankha funso la mwini wake. Pakanakhala nsanja, funso lotere silikanafunsidwa nkomwe, pakuti King Air sikanasuntha popanda kuitanidwa ndi dzina lake. Patapita zaka, mu 2004, Boma la Amereka linakonza malamulo a mabwalo kuti akhudzenso amene alandira ndege za ulendo wa nthawi zonse za mipando yoyambira khumi.

GALIMOTO PA MSEU WA NDEGE

Si ndege zokha zimene zilimbirana mseu. Ku maiko ozizira chipale chofewa chikagwa, magalimoto ochikokolola alowa pa mseu wa ndege, ndipo ayenera kuchokapo ndege isanafike. Pa 11 February 1978, ndege ya mtundu wa Boeing 737 ya kampani ya Pacific Western Airlines inanyamuka ku Calgary kupita ku Cranbrook, m'mapiri a British Columbia ku Canada. Ku Cranbrook kunalibe nsanja. Kunali munthu wa pa wailesi amene ntchito yake inali kupereka uthenga wa nyengo ndi wa za pa bwalo, koma analibe mphamvu yolamula ndege.

Olondolera ndege a ku Calgary anatumiza uthenga wakuti ndegeyo idzafika mphindi zisanu itapitirira 1 koloko masana. Woyendetsa galimoto yokokolola chipale anauzidwa nthawi imeneyi, napitiriza ntchito yake poyesa kuti mpata ulipo. Oyendetsa ndege nao anauzidwa kuti pa mseu pali galimoto, nabvomera, koma pambuyo pake sanalengezenso pamene afika. Ndegeyo inatera mphindi khumi nthawi yonenedwayo isanakwane, chipale chirikugwa. Magudumu atagunda pansi, oyendetsa anatsegula zitseko za pa injini zimene zibweza mphepo kutsogolo kuti ndege iime msanga, ndipo pomwepo anaiona galimoto patsogolo pao. Anaonjeza moto nanyamukanso, nailumpha galimotoyo osaikhudza. Koma zitseko za injini ya kumanzere zinali zisanatsekeke kwenikweni pamene magudumu anachoka pansi, ndipo m'mwamba zinatseguka. Injini imodzi inalikukankhira kutsogolo, inzake kumbuyo. Ndege inapendekera kumanzere nigwa pambali pa mseu, ndipo mwa anthu 49 amene anali m'menemo oposa 40 anafa.

Lero ku Canada kuli mabwalo opanda nsanja kumene kulankhula pa wailesi kuli lamulo, osati langizo chabe, ndipo malo amene woyendetsa ndege ayenera kulengeza analembedwa.

MASO NDI MASO KU HAYDEN

Wina angayese kuti izi ndi za kale, makina asanachuluke. Koma taonani zimene zinachitika pa 22 January 2022 ku Hayden, m'chigawo cha Colorado. Bwalo la kumeneko liri ndi mseu umodzi wokha, wa 10 ndi 28, ndipo liribe nsanja, chikhalirecho m'nyengo yozizira kufika ndege zazikuru zodzaza ndi anthu okasewera pa chipale m'mapiri. Tsikulo ndege ya kampani ya JetBlue, ya mtundu wa Airbus A320, inalikukonzeka kunyamuka kupita ku Fort Lauderdale.

Apa tiyenera kufotokoza kanthu kena. Ndege zazikuru zotere, ngakhale pa bwalo lopanda nsanja, zilandira chilolezo cha ulendo kuchokera kwa olondolera ndege a kutali, amene kwa Hayden akhala m'dera la Denver. Koma chilolezo chimenechi ndi cha njira ya m'mwamba. Sichinena kuti mseu uli wopanda kanthu, pakuti wochiperekayo sauona mseuwo ndi maso. Za pa bwalo zitsalira oyendetsa ndege eni ake.

A JetBlue analengeza kuti anyamukira pa mseu 10. Nthawi yomweyo King Air ina inalikutsika, ndipo oyendetsa ake analengeza kangapo kuti adzatera pa mseu 28. Mau onsewa anamveka bwino, palibe makina amene anawaphimba. A JetBlue anadziwa kuti kulikudza ndege, koma m'mitima mwao anakhazikika pa ganizo lakuti ikudzera kumbuyo kwao, kudzatera pa mseu 10 womwewo, kotero anaona kuti chanzeru ndi kufulumira kuti aipatse malo. Analowa pa mseu nayamba kuthamanga, osadziwa kuti alikuthamangira ndege inzao. Ali pa liwiro ndi pamene anazindikira kuti ndege ija iri patsogolo pao. Kaputeni anadzutsa mphuno ya ndege liwiro loyenera lisanakwane, mchira unakhula pansi, ndege inanyamuka nikhotera kumanja, ndipo ziwirizo zinapewana. Palibe anabvulala, koma ndege ya JetBlue inaonongeka kumchira ndipo inakatera ku Denver.

Ofufuza a NTSB ananena kuti oyendetsawo anamva chimene analikuyembekeza kumva, osati chimene chinanenedwa. Nambala 28 inalowa m'makutu mwao kangapo konse, koma mtima unali utagamula kale. Ife tiona kuti bvuto limeneli ndi lobvuta kuposa la ku Quincy, chifukwa wailesi yoonongeka ikonzeka, koma munthu wotsimikiza chinthu cholakwa sadziwa kuti pali chofunika kukonza. Ndipo anthuwa sanali osasamala. Anali ozolowera mabwalo akuluakulu, kumene tsiku lililonse munthu wa pa nsanja ndiye awaganizira za ndege zina, ndipo kumene sikumveka kuti ndege ina itere moyang'anana ndi inzake yonyamuka.

M'chaka chomwecho, pa 18 August, ku Watsonville m'chigawo cha California, ndege ziwiri zazing'ono zinagundana m'mwamba pafupi ndi nsonga ya mseu, ndipo anthu atatu anafa. Imodzi, Cessna 152, inalikuzungulira bwalo monga mwa mwambo. Inzake, Cessna 340 ya injini ziwiri, inadza molunjika ndi liwiro lalikuru kopambana. Onse awiri analikulankhula pa wailesi, ndipo wa m'kandege kakang'onoko anafika ponena kuti waiona inzakeyo ilikudza msanga kumbuyo kwake ndi kuti aleka kutera. Mapangidwe a ndege nao ali ndi mbali yao pa ngozi zotere. Ndege ya mapiko a pamwamba ibisira woiyendetsa zimene ziri kumwamba kwake, ndipo ya mapiko a m'munsi ibisa zimene ziri pansi pake, kotero kuti ya mapiko a m'munsi ikamatsikira pa inzake ya mapiko a pamwamba, onse awiri angakhale osaonana kufikira mapeto. Mu 2023 bungwe loyang'anira za ndege ku Amereka, la FAA, linalembanso malangizo ake a mabwalo opanda nsanja, nilichenjeza za kutera molunjika pamene ndege zina zirikuzungulira bwalo. Ngakhale zinatero, mu February 2025 ndege zina ziwiri zazing'ono zinagundana pa bwalo lopanda nsanja la Marana ku Arizona, ndipo anthu awiri anafa.

KODI NSANJA NDIYO MANKHWALA?

Ngozi yotere ikachitika, anthu a m'mzinda umene yachitikira afuula kuti Boma limange nsanja, ndipo sitingawadzudzule. Koma tisaiwale kuti ngozi yoopsa kuposa zonse m'mbiri ya maulendo a ndege inachitika pa bwalo lokhala ndi nsanja. Pa 27 March 1977, pa chisumbu cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pa mseu m'nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. Kumenekonso kaputeni wina anakhulupirira kuti waloledwa kunyamuka pamene sanaloledwe, ndipo mau awiri olankhulidwa nthawi imodzi pa wailesi anaphimbana. Nsanja ichepetsa ngozi kwambiri, koma siichotsa kusamvana kwa anthu. Ubwino wake weniweni ndi wakuti pakhala munthu mmodzi amene ntchito yake yonse ndi kusunga m'mutu chithunzi cha bwalo lonse, pamene woyendetsa ndege ali ndi zambiri zomutangwanitsa: injini, mapepala, nyengo ndi nthawi imene yamthera.

Pakati pa nsanja yeniyeni ndi kusowa kwake pali njira zina. Maiko ambiri aika pa mabwalo ang'ono munthu wa pa wailesi wouza ndege zimene aona ndi zimene wamva, ngakhale salamula. Ndege zambiri tsopano ziri ndi makina olengeza okha pamene ziri, mwa njira yotchedwa ADS-B, ndipo woyendetsa ndege angaone zinzake pa kagalasi ka patsogolo pake. Koma makinawa aonetsa ndege zokhazo zimene nazonso ziri nao, ndipo alangizi a ntchitoyi adandaula kuti munthu woyang'anitsa pa kagalasi aiwala kusuzumira pa zenera.

Njira yatsopano koposa ndiyo nsanja yopanda munthu m'kati. Pa bwalo aimika mlongoti wokhala ndi makamera openya mbali zonse, ndipo zithunzi zake zitumizidwa ku nyumba ina kutali, kumene wolondolera ndege akhala pakati pa magalasi akuluakulu naona bwalolo ngati ali pomwepo. Dziko la Sweden ndilo linayamba, mu April 2015, pamene bwalo laling'ono la Örnsköldsvik linayamba kulondoleredwa ndi anthu okhala ku Sundsvall, mtunda wa makilomita oposa 100. Dziko la Norway linatsatira, nilisonkhanitsa mabwalo ake ang'ono ambiri pansi pa nyumba imodzi ku Bodø, ndipo mu 2021 bwalo la London City nalonso linayamba kulondoleredwa kuchokera ku Swanwick. Phindu lake ndi lakuti anthu ochepa, okhala malo amodzi, angatumikire mabwalo ambiri amene paokha sakanatha kulipira nsanja. Chofunika ndi magetsi osazima-zima ndi nthambo za mauthenga zosaduka, pakuti chithunzi chikathima ndege iri pafupi kutera, bwalolo libwerera pomwepo ku mwambo wakale wa maso ndi makutu.

Pa mabwalo ena onse, amene ndiwo ochuluka, alangizi aphunzitsabe zomwe zija. Asanalowe pa mseu, woyendetsa ndege aimitse ndege yake mopendeka kuti aone kumene ndege zotera zichokera, ayang'anenso mbali inayo ngakhale sayembekeza kanthu kumeneko, ndiponso mseu wopingasa ngati ulipo. Asaime nthawi yaitali pa mseu atafulatira ndege zotera. Ayatse nyali zake ngakhale masana. Akamva nambala ya mseu, aiyerekeze ndi yake, nadzifunse ngati kusiyana kwake si 18. Ndipo akafunsa funso pa wailesi, atchule ndege imene aifunsa, namvetsetse ngati amene wayankhayo ndi yomweyo. Yankho likakhala losamveka bwino, wotera aonjeze moto nakwerenso kukazungulira kachiwiri, zimene zingomdyera mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi ndi mafuta pang'ono.